Okonza miyambo a pa Mangochi ndi tsiku lotsanzikana ndi abusa a asilikali: tenti ndi chakudya amakhoza, pulogalamu musawasiyire

Abusa a asilikali akamapuma pantchito, mwambo wowatsanzika umakhala ndi eni awiri. Asilikali amati ndi ofisala wathu, mpingo umati ndi m'busa wathu, ndipo onse amanena zoona. Womanga tenti, wophika ndi woyendetsa zimkuzamawu akapanda kumvetsa zimenezi, mwambo umapendekera kumodzi. Mwina umauma, pemphero n'kusowa malo, mwina umasanduka phwando la ukwati, asilikali n'kungokhala duu kudikira nthawi yonyamuka. Ndi muyeso umenewu womwe tayezera kagulu ka okonza miyambo ka pa boma pa Mangochi, komwe kamabwereketsa matenti, mipando ndi zimkuzamawu, kamaphika, komanso kamalandira maoda a mphatso zaulemu. Dzina lawo talisiya dala, poti zina zomwe tinene n'zodzudzula, komanso ofanana nawo alipo angapo kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay, ndipo mphamvu ndi zofooka zawo sizisiyana kwenikweni.

Kutsanzikana kwa ku barracks, kwa perete ndi sawasha, amakonza asilikali eni ake ndipo wamalonda alibeko mawu. Mwambo womwe umafuna kulemba anthu ntchito ndi wachiwiri uja, wokonzedwa ndi a mpingo, mabanja a asilikali ndi asilikali opuma, kunja kwa mpanda, pabwalo la tchalitchi kapena pagombe. Ku Monkey Bay ndi komwe kumakhala asilikali a pamadzi, ndipo pamwambo wotere alendo ena amachokera ku Cobbe Barracks ku Zomba kudzera pa Liwonde, ena ku sukulu ya asilikali ya ku Salima kudzera pa Golomoti. Ndi alendo ozolowera dongosolo, oona msanga pomwe chinthu chapotoka. Pa zomwe kaguluka kamagulitsa, tenti ndi chakudya kamazidziwa bwino. Zimkuzamawu zimafuna wozilondera. Mphatso amazipanga ndi luso lamanja koma mawu ake sawasamala. Pulogalamu ndi wolengeza musawapatse n'komwe.

Pa nkhani ya tsiku amalangiza bwino, chifukwa ndi ana a konkuno. Lachisanu masana Asilamu amakhala ku mzikiti, Loweruka a Seventh Day amakhala ku tchalitchi, Lamulungu m'mawa abusa anzawo sangasiye nkhosa zawo. M'busa wa asilikali satumikira a mpingo wake okha. Msilikali wa chipembedzo chilichonse zikamuthina amagogoda pakhomo lomwelo, choncho tsiku lotsekera kunja shehe kapena mkulu wa mpingo wa Sabata lachepetsa kale ulemu wa mwini mwambo. A kaguluka amakonda kunena Lachinayi m'mawa, kapena Lamulungu masana ngati ndi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, ndipo tikugwirizana nawo. Amakumbutsanso okha kuti muyang'ane kalendala kuti mwambo usagwe m'mwezi wa Ramadan, pomwe alendo ambiri a kuno sangakhudze mbale masana. Mu Okutobala ndi Novembala yambani 9 koloko ndipo mumalize 1 koloko isanakwane. Munthu wovala yunifolomu ya mwambo, jekete ndi nsapato zotseka, sapirira pansi pa tenti dzuwa la ku Mangochi likafika paliwombo.

Matenti awo ndi a mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, nsalu yake yoyera, yochindikala, yosadontha. Amati imodzi imakwana anthu 200, ndipo pa masamu n'zoona, koma kukatentha musapyole 160, kuti mpweya uyende ndiponso pakati pakhale njira ya mamita 2, yomwe abusa adzadutsa ndi owaperekeza m'mbali mwawo. Tenti amaigoneka kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, tebulo la akuluakulu kumadzuloko, nsalu za m'mbali n'kuchotsa zonse kupatula ya kumbuyo kwa tebulolo. Chomwe chimawasiyanitsa ndi obwera kuchokera kumtunda ndi zikhomo. Pamchenga wa pagombe chikhomo cha masentimita 30 chimazuka mphepo ikangokankha kangapo. A kaguluka amakhoma zitsulo zotalika pafupifupi mita, mopendeketsa mutu kutali ndi tenti, ndipo pomwe mchenga wafewetsa amakwirira matumba odzaza n'kumangako zingwe. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mbali ya kum'mwera amaimanga zingwe ziwiriziwiri. Pansi pa tebulo la akuluakulu amayala matabwa kuti miyendo ya mipando isamire. Apa palibe chowadandaulira, kupatula chizolowezi chawo chovundikira mipando ndi nsalu zonyezimira ndi maliboni a ukwati. Auzeni poyambirira kuti mukufuna nsalu yoyera chabe.

Kukhazika anthu ndi nkhani ina. Anyamata awo amatsogoza kumpando wakutsogolo yemwe wavala suti yokwera mtengo, pomwe mzimayi wamasiye yemwe abusa adamuikira mwamuna wake akumulozera kumbuyo. Sadziwa kuwerenga zapaphewa, ndiye Captain amatha kukhala patsogolo pa Lieutenant Colonel, yemwe ndi wamkulu kwa iye. Pemphani kwa akuluakulu a asilikali sajeni mmodzi woti akhazike a yunifolomu, ndi mkulu wa mpingo mmodzi woti akhazike ena onse. Pa tebulo lalikulu palembedwe mayina: mkulu wa asilikali yemwe wabwera, mtsogoleri wa mpingo, mfumu ya dera, kaya ndi kwa Mponda kaya kwa Nankumba, woimira bwanamkubwa, abusa eni ake ndi mayi busa ngati ali a mpingo wolola banja. Mzere woyamba wonse usungidwire amasiye a asilikali ndi asilikali okalamba.

Kukhitchini ndi komwe amaonetsa kuti ntchito amaidziwa. Mbuzi ndi nkhuku zonse amazinga, ndipo wozinga ndi Msilamu wodziwika m'deralo, kuti pasakhale wofunsa ngati nyama ili yoyenera. Nkhumba salola kuti ifike pafupi ndi mapoto awo, ngakhale mwini oda atapempha. Amadziwanso kuti a Seventh Day sadya nsomba zopanda mamba monga kampango ndi mlamba, ndiye nsomba ya pamwambo wotere imakhala chambo, yokazingidwa m'mafuta akeake. Pa anthu 200 muyeso wawo ndi mpunga makilogalamu 30, ufa woyera makilogalamu 20 poti si onse amatenga nsima pomwe pali mpunga, mbuzi 3, nkhuku 25, chambo 60 zodula pakati, nyemba makilogalamu 8, ndi masamba otendera. Muyesowu umakwana ngati alipo ogawa. Mukasiya kuti aliyense adzitengere, nyama imatha mzere usanafike pakati, ndipo otsalira amakhala asilikali a maudindo ang'onoang'ono, omwe mwa mwambo wawo amadikira kuti mabwana ayambe. A kaguluka amaika matebulo awiri ogawira, limodzi mbali iliyonse ya tenti, ndipo anthu 200 amatha kulandira m'mphindi 40.

Zowachenjeza zilipo ziwiri. Mpunga amakonda kuuphika m'bandakucha n'kuusunga m'mabeseni ovundikira, ndipo m'kutentha kwa kuno mpunga wokhala maola asanu ukufunda chabe ndi womwe umatsegula anthu m'mimba. Gwirizanani kuti uphulidwe ola limodzi chakudya chisanayambe. Chachiwiri, mu Novembala ndi Disembala nyanja imakhala yotseka kuti chambo chiswane, choncho chimasowa ndipo chopezeka chimakhala chokayikitsa. M'miyezi imeneyi chotsani nsomba pa oda muonjezere mbuzi imodzi. Madzi akumwa amawerengera ochepa. Ikani lita imodzi ndi theka pa munthu, kutanthauza malita 300, ndi thobwa pambali, komanso ndowa zinayi za mpopi ndi sopo zosambira m'manja. Malo oyala mphasa ndi madzi pang'ono, oti alendo achisilamu aswalire masana, amakonza okha osauzidwa.

Zimkuzamawu zawo n'zamphamvu, vuto ndi kaikidwe. Amaziika kumbuyo kwa wolankhula, ndiye mawu amabwerera m'maikolofoni n'kumalira tswii pakati pa ulaliki. Ziyenera kukhala patsogolo pa mzere wa maikolofoni, zoyang'ana kwa anthu. Maikolofoni opanda waya amadukaduka mabatire akafooka, choncho pa guwa pakhale awiri a waya, ovala tizipewa tasiponji toletsa mphepo ya panyanja, ndi ena awiri pa timitengo a kwaya. Jenereta ya 5 kVA imakwana bwino ngati simulumikizako firiji, ndipo ikhale pamtunda wa mamita 25, mbali yomwe mphepo ikulowera, kuti utsi ndi phokoso zisabwerere mu tenti. Mafuta malita 10 agulidwe sabata isanafike, ndipo muyese zonse dzulo lake madzulo, pa jenereta, osati pa magetsi.

Cholakwika chachikulu chili pa nyimbo. Mnyamata wa makina ali ndi kulira kwa lipenga kotchedwa Last Post pa flash yake, ndipo amakuyesa nyimbo ya asilikali yolandirira alendo. Lipenga limeneli ndi la akufa. Limalira pamaliro a msilikali ndiponso mu Novembala pa tsiku lokumbukira omwe adafera kunkhondo, monga zimachitikira pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba. Kuliliza pomwe abusa amoyo akulowa kumadzidzimutsa aliyense wovala yunifolomu, ndipo kwa amasiye kumatsegula bala. Mupatseni mndandanda wolembedwa wa nyimbo, ndipo china chilichonse asakhudze. Ngati asilikali abweretsa woliza lipenga wawo, ndi iwo omwe anganene nthawi yake, ndipo safuna maikolofoni.

Zonsezi zikuchokera pa kusadziwa chomwe m'busa wa asilikali amachita, ndipo kusadziwako kumaonekera kwambiri pa mawu olembedwa pa mphatso. Munthuyu amavala yunifolomu, ali ndi udindo, amapita komwe gulu lake latumizidwa, koma ntchito yake si kumenya nkhondo. Mapangano a ku Geneva a 1949, omwe ndi malamulo a nkhondo, amamuika pamodzi ndi achipatala, kuti alemekezedwe ndi kutetezedwa, ndipo akagwidwa sawerengedwa ngati mkaidi wa nkhondo, ngakhale atha kusungidwa kuti atumikire akaidi anzake. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi adakhala akutumikira kum'mawa kwa DRC pansi pa United Nations limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, ndipo mu Novembala 2018 asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni. Uthenga wotere ukafika kuno kwathu, woperekeza ofisala kukagogoda pakhomo la banja, woima pamanda, wobwereranso patatha miyezi pomwe anthu onse abalalika, amakhala m'busa. Mu Malichi 2023 asilikali adagwira ntchito yofukula anthu m'matope a namondwe Freddy, ndipo munthu wobwera kuchokera kuntchito yotere amafuna woti alankhule naye usiku tulo tikakana. Onjezani maukwati ogwedezeka chifukwa bambo adachoka chaka chathunthu, ngongole, mowa, ubatizo wa ana a m'nyumba za asilikali. Mphatso yongolemba kuti zikomo chifukwa cholimbikira ntchito siinenapo kanthu pa zonsezi.

Thabwa la chikwangwani chaulemu amalipanga bwino. Amagwiritsa ntchito mlombwa kapena mbawa, masentimita 30 m'lifupi, 40 m'litali, kuchindikala masentimita awiri ndi theka, m'mphepete mosemedwa mosachulutsa maluwa. Mlombwa ndi womwe tikuvomereza chifukwa supindika msanga ndipo chiswe sichiukonda. Chofunika kufunsa ndi chakuti thabwalo lauma liti. Losauma limalemera, limazizira m'manja, ndipo likafika m'nyumba limang'aluka kuyambira pa mabowo a zomangira. Vanishi apake mbali zonse ziwiri, katatu, akupala ndi sandipepa wosalala pakati pake. Akapaka kutsogolo kokha, kumbuyo kumamwa chinyezi cha kunyanja ndipo thabwa limakhota. Kachitsulo kamkuwa kolembapo mawu amakonda kukamata ndi guluu, koma kutentha kwa kuno kumasungunula guluu ndipo pakona pamatukuka. Umirirani zomangira zinayi zamkuwa, chimodzi pakona iliyonse, osati zachitsulo wamba zomwe zimachita dzimbiri n'kudetsa thabwa. Pamwamba pa mkuwa papakidwe vanishi woonekera, apo ayi pakutha pa dzinja limodzi pamada.

Kuzokota mawu sachitira pa Mangochi, amatumiza ku Blantyre, ndiye perekani oda masabata atatu tsiku lisanafike. Apa ndi pomwe zinthu zimawonongeka, chifukwa mawu amayenda pa WhatsApp kuchokera kwa mlembi wa komiti ya mwambo kupita kwa wa shopu ya kaguluka, kuchokera kwa wa shopu kupita kwa wozokota, ndipo aliyense amakonza chomwe akuganiza kuti n'cholakwika. Mkuwa ukazokotedwa sufufutika. Dzina la abusawa lili ndi maudindo awiri. Kawirikawiri wa usilikali umayamba, wa mpingo n'kutsatira, dzina pomalizira, koma kalembedwe kenikeni mukatenge kwa ofisala wosunga makalata a gulu lawo, ndipo udindo ukhale womwe akupuma nawo, osati womwe anthu adazolowera kuwatchula nawo zaka zapitazo. Zaka nazonso zili pawiri, chaka chomwe adadzozedwa ubusa ndi chaka chomwe adalowa usilikali, ndipo a shopu amazisakaniza kapena kutenga chimodzi chabe. Ngati mphatso ikuchokera kwa asilikali ndi mabanja awo, lembani zaka za usilikali. Ngati ikuchokera kwa onse, lembani zonse, chilichonse pa mzere wake. Malo omwe adatumikira alembedwe motsata nthawi, ndipo abusa eni ake kapena akunyumba kwawo awatsimikize. Zilembo za dzina zisachepere mamilimita 12, zina zonse mamilimita 6, mizere isapyole 9. Musanalipire, asindikize mawuwo papepala pa saizi yeniyeni, ndipo asayinepo anthu awiri, wa usilikali ndi wa mpingo.

Vesi musalole kuti asankhe a shopu. Lomwe amalikonda ndi 2 Timoteo 4:7, lonena za kulimbana kwabwino ndi kutsiriza njira, poti lili ndi mawu ofanana ndi a nkhondo. Koma pamenepo Paulo akunena za imfa yake yomwe yayandikira, n'chifukwa chake vesili mumalipeza pa ziliza. M'busa wopuma ku usilikali sanatsirize, ambiri amabwerera kukaweta mpingo. Yesaya 6:8, pomwe mneneri akuvomera kutumidwa, kapena Yoswa 1:9, ndi oyenera munthu yemwe adapita kulikonse komwe gulu lake lidapita. Mawu ake akopedwe m'Baibulo lomwe mpingo wawo umawerenga, chifukwa Buku Lopatulika ndi Buku Loyera salemba mofanana, ndipo m'busa amaona kusiyanako pa mzere woyamba.

Amapanganso mafulemu agalasi oikamo mamendulo, ndipo ukalipentala wake ndi wooneka bwino, koma kachitidwe kawo koyamba n'kowononga. Mendulo amaimata pa nsalu ndi guluu, kumbuyo kwa fulemu n'kukhoma misomali. Abusawo adzafuna kuvala mamendulo awo mu Novembala uliwonse ndi pamaliro a anzawo. Fulemu ikhale yakuya masentimita 5, kumbuyo kotseguka ndi tizitsulo totembenuza, m'kati moyala nsalu yokhuthala yakuda kapena yobiriwira modera, mamendulo n'kubayidwa ndi mapini awo omwe. Asawapukute ndi mankhwala opukutira mkuwa, omwe amachotsa utoto ndi kudetsa maliboni. Ndondomeko yake, uti uyambe uti utsatire, ndi momwe abusawo amavalira pachifuwa, ndipo ajambulidwe chithunzi asanachotsedwe pa jekete. Kunyumba fulemu isapachikidwe poomba dzuwa, maliboni amasuluka.

Pa zosindikiza tidutsa msanga. Malaya amasindikiza konkuno ndipo utoto wake sutha ndi kuchapa kuwiri. Nsalu za chitenje za chithunzi cha abusa zimafuna fakitale ndi oda yaikulu, ndiye pa anthu osapyola 200 n'kutaya ndalama. Yang'anani zinthu zitatu pa kompyuta yawo asanasindikize. Mbendera ya dziko idasinthidwa mu 2010 kukhala ya dzuwa loyera lathunthu, n'kubwezeretsedwa mu 2012 ku ya dzuwa lofiira lotuluka, ndipo zithunzi za yosinthidwayo zikadali pa intaneti, moti wosindikiza wachangu amangotola. Chizindikiro cha gulu la asilikali sichiikidwa pa malaya popanda chilolezo cha akuluakulu ake. Mtanda wofiira pa nsalu yoyera ndi chizindikiro chotetezedwa ndi malamulo a nkhondo, si chokongoletsera, ndiye ngati mukufuna mtanda ukhale wa mtundu wina. Ndipo mbendera ya dziko isayalidwe pa tebulo ngati nsalu yoikapo mabotolo.

Wolengeza wawo ndi katswiri wa maukwati, ndipo luso lomwelo ndi lomwe limaononga mwambo uwu. Amayamba perekani-perekani pulogalamu isanafike pakati, kuitana magulu mmodzimmodzi, abusa ataimitsidwa pakati ndi beseni m'manja. Msilikali wamba amakakamizika kuvina ndi kuponya ndalama pamaso pa bwana wake, ofisala amachita manyazi kuponya zochepa, ndipo munthu yemwe mukumulemekeza amaima padzuwa ola lathunthu ngati wopempha. Choopsa kuposa apo ndi nthabwala. Wolengeza amafunsa kuti ndani pano banja lake lidakonzedwa ndi abusawa, aimirire. Zomwe asilikali adauza m'busa wawo ndi zachinsinsi, ndipo ntchito yake yonse idaima pa kusunga zimenezo. Funso lotere limaika anthu pamalo ovuta ndipo limaphunzitsa achinyamata kuti yemwe akubwera m'malo mwa abusawa asadzamuuze kanthu. Wolengeza akhale mkulu wa mpingo wodekha kapena msilikali wopuma. Mphatso za ndalama zilandiridwe pa tebulo pakhomo, ndi anthu awiri ndi kaundula, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya komiti italembedwa pomwepo. Ngati amayi a mpingo akufuna kuperekeza mphatso yawo ndi nyimbo, apatsidwe mphindi 15, gulu limodzi, abusa atakhala pansi.

Pulogalamu yomwe imayenda bwino imatenga maola atatu. Alendo akhale pansi, akuluakulu alowe, abusa alowe pomaliza. Nyimbo ya fuko, onse ataimirira, makina onse ena atazimitsidwa. Pemphero lotsegulira, ndipo ngati shehe alipo apatsidwe mpata wake, osati womuonjezera mwadzidzidzi. Kenako mbiri ya utumiki wawo, yolembedwa papepala ndi yowerengedwa kale ndi a usilikali kuti musatchulidwe zosayenera kutchulidwa pagulu. Ikatha mbiriyo pakhale mphindi imodzi yachete yokumbukira asilikali omwe abusawa adawaika m'manda, ndipo mnyamata wa makina auzidwe kuti chete ndi chete, asaikepo nyimbo yapansipansi. Ulaliki usapyole mphindi 20. Olankhula ayambe wamng'ono kupita kwa wamkulu, mphindi zisanu aliyense: msilikali wamba mmodzi, woimira mabanja, woimira mpingo, mfumu, mkulu wa asilikali. Mawu a msilikali wamba uja musawadule ngakhale nthawi itathina, chifukwa ndi amene abusawa adatumikira kwambiri. Mayi busa atchulidwe ndi kupatsidwa mphatso yawoyawo, poti miyezi yomwe abambo adali kunja ndi iwo omwe amayi a asilikali ankathamangirako. Mphatso ziperekedwe, abusa ayankhe, ndipo mdalitso womaliza apereke iwo eni.

Wojambula wawo ali ndi kamera yabwino ndipo zithunzi amapereka pa nthawi yake. Amakonda kutengera mwini mwambo pa nsanja ya wotchi ya 1903 pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kukamuimika pambali pa mfuti ya Gwendolen, sitima ya Angerezi yomwe mu Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Malowo ndi a mbiri ndipo asilikali ena angajambulitsepo, koma chithunzi cha m'busa atatsamira mfuti chimanena zosiyana ndi ntchito yomwe adagwira. Chithunzi chachikulu chikhale pakhomo la tchalitchi kapena pakati pa mabanja omwe adawatumikira. Kuonetsa mwambo pa Facebook uli m'kati musavomere musanafunse mkulu wa asilikali yemwe wabwera, ndipo amasiye afunsidwe kaye ngati akufuna kuti nkhope zawo zioneke.

Pa ndalama ndi anthu oongoka, koma salemba, ndipo mikangano yonse imachokera pomwepo. Funani koteshoni yolembedwa, chinthu chilichonse pa mzere wake, yonena tsiku lomwe mtengowo uthere mphamvu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda sasunga mtengo nthawi yaitali, ndipo si bwino kumva za kukwera kwa mbuzi dzulo la mwambo. Dipoziti ikhale theka, yotsala iperekedwe mwambo utatha, lisiti nthawi zonse ziwiri. Mtengo wa galimoto yonyamula katundu ulembedwe padera, makamaka ngati mwambo uli ku Monkey Bay, pamtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera pa boma. Tenti iime dzulo lake isanakwane 4 koloko, ndipo mugwirizane yemwe alondere usiku. Mipando iwerengedwe potsitsa ndi pokweza, pamaso pa mmodzi wa iwo ndi mmodzi wa komiti, ndipo yong'aluka kale iikidwe pambali asanakhalepo munthu. Zimbudzi alibe, ndiye ngati malo ake ndi pagombe funsani okhala pafupi kapena sukulu yoyandikana nthawi ikadalipo. Mphatso zolemera monga malata, simenti ndi mbuzi zisabwere pamalo a mwambo. Zilengezedwe chabe, galimoto ikazitule kunyumba komwe abusa akupita kukakhala, ndipo mmodzi wa komiti apite nazo ndi kaundula uja kuti akasayinitse.